Lipoti la wodwala: mnyamata wa zaka 16 yemwe anafika atakomoka atamwa kachasu, Dedza

Dzina la wodwalayu ndi mudzi wake tazibisa. Lipotili talilembera anzathu ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma ndi zing'onozing'ono, komanso makolo ndi aphunzitsi, chifukwa zambiri zomwe zinalakwika pa mwanayu zinalakwika asanafike pakhomo la chipatala.

Mbiri yake

Mnyamatayu ali ndi zaka 16, ali Fomu 3 pa sukulu yoyendera ndipo amalemera makilogalamu 48. Amakhala ndi mayi ake ndi azing'ono ake awiri kumudzi wina chakum'mwera kwa boma la Dedza, kufupi ndi malire a Ntcheu. Bambo ake anapita ku Joni zaka 4 zapitazo. Alibe matenda a khunyu kapena a shuga, ndipo panalibe mankhwala aliwonse amene ankamwa.

Loweruka lina mu July anakagwira ganyu wosenza matumba a kachewere n'kumakweza m'malole. M'mawa cha m'ma 6 koloko anamwa tiyi ndi mbatata, masana anangotola tchipisi chochepa pachiwaya, basi. Atalandira ndalama madzulo, iye ndi anzake awiri anapita pakhomo pena pomwe amatcheza kachasu. Anzakewo akuti kuyambira cha m'ma 5 koloko kufika 8 koloko usiku iye yekha anamaliza kachasu wodzadza botolo la Fanta, lomwe limalowa mamililita 300, wosasungunula ndi madzi, ndipo theka lake anagugudiza pa mpikisano.

Cha m'ma 10 koloko anzakewo anafika naye kunyumba atamukoleka m'mapewa. Panjira anali atagwa chagada kamodzi. Amalume ake anamuthira ndowa ya madzi ozizira kuti mowa uthe, kenako anamukanula pakamwa n'kumuthira mkaka. Anatsamwa, anasanza, ndipo anamugoneka chagada pamphasa m'khitchini, zovala zili zonyowa. Mayi ake anati: "Tinangoti waledzera, agone, mawa timulankhule." Nthawi ya 4 koloko m'bandakucha mayiwo anamupeza akuliza mkonono wachilendo, thupi lili zii ngati mwala, osadzuka ngakhale atamutsina. Anabwera naye pa kabaza wa njinga yamoto atamupanikiza pakati pa woyendetsa ndi amalumewo.

Zomwe zinapezeka atafika, 5:40 m'mawa

Fungo la kachasu ndi la masanzi linkamveka munthu asanayandikire. Maso ankatsegula pokhapokha akamva kupweteka, ankangobuula osatulutsa mawu omveka, ndipo akatsinidwa ankangothawitsa dzanja. Pa muyeso wa Glasgow, woonetsa kuzama kwa kukomoka (munthu wabwinobwino amakhala pa 15), anali pa 8 mwa 15. Kutentha kwa thupi kunali 34.1°C. Mtima unkagunda ka 112 pa mphindi, BP 96/58, kupuma ka 10 pa mphindi, okosijeni m'magazi 88%. Timwana ta maso tinali tofanana ndipo tinkachepa tikaunikiridwa ndi tochi. Khosi silinali louma. Kunkhongo chakumanzere kunali bala la masentimita 3, magazi atauma m'tsitsi. Abale anali asanalione. Malungo sanapezeke pa mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu.

Shuga wa m'magazi anali 1.9 mmol/L, kapena kuti 34 mg/dL pa makina owerenga mwa njira inayo.

Chithandizo cha ola loyamba

Anagonekedwa chammbali, masanzi anapopedwa m'kamwa ndi kukhosi, n'kuikidwa pa okosijeni. Shuga anaperekedwa kudzera mumtsempha pasanathe mphindi 10 chifikireni. Muyeso wa ana ndi 5 ml ya dextrose (madzi a shuga a mumtsempha) 10% pa kilogalamu iliyonse, zomwe kwa iye ndi 240 ml, kapena magalamu 24 a shuga. Muyeso wa akuluakulu, 50 ml ya dextrose 50%, ndi magalamu 25. Choncho kwa wachinyamata wa msinkhu uwu njira zonse ziwiri zimafika pamodzimodzi, ndipo palibe chifukwa chotayira nthawi n'kukangana ngati ali wa wodi ya ana kapena ya abambo. Pomwe pali dextrose 50% yokha, gawo 1 la iyo ndi magawo 4 a madzi a jakisoni zimapanga 10%, yomwe siwotcha mtsempha.

Patatha mphindi 15 shuga anakwera kufika 6.8, mnyamatayu anayamba kutsegula maso akaitanidwa, ndipo anali pa 12 mwa 15. Analandira thiamine (vitamini B1, woteteza ubongo wa munthu womwa mowa) 100 mg. Tinene pano kuti shuga sadikira thiamine: ngati thiamine ali kufamase ndipo kiyi ali ndi munthu yemwe sanafike, perekani shuga, thiamine abwere pambuyo.

Zovala zonyowa zinachotsedwa, anapukutidwa, anafunditsidwa mabulangete 3 mpaka kumutu, ndipo mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsalu anaikidwa m'khwapa ndi m'mbali mwa chifuwa. Botolo losakulunga limawotcha khungu la munthu wokomoka, pakuti sangathe kulithawa. Diripu yokhala ndi shuga inapitirira, ndipo shuga ankayezedwa ola lililonse. Izi zinathandiza, chifukwa nthawi ya 8 koloko anali atatsikanso kufika 3.4 ndipo panafunika kuwonjezera. Bala linatsukidwa, linasokedwa, ndipo analandira katemera wa kafumbata.

Cha m'ma 9 koloko anayamba kuvuta, kufuna kuzula diripu ndi kutukwana. Amalume ake anapempha kuti: "Adokotala, tangomubayani jakisoni wogonetsa." Sanabayidwe. Mankhwala ogonetsa monga diazepam pamwamba pa mowa amachepetsanso kupuma, ndipo munthu wogonetsedwa sungadziwe ngati akugona ndi mankhwala kapena magazi akutayikira m'mutu. Shuga anayezedwanso, mayi ake anakhala pambali n'kumamulankhula, ndipo anakhazikika. Sanatsukidwenso m'mimba: patapita maola oposa 9 mowa umakhala utalowa kale m'magazi, ndipo chubu chikanangowonjezera ngozi yoti masanzi alowe m'mapapo.

N'chifukwa chiyani mowa wokha sunali yankho

Chipangizo choyezera mowa m'magazi sichipezeka kawirikawiri m'zipatala za m'maboma, koma masamu a papepala amathandiza. Mphamvu ya kachasu imasiyana malinga ndi wotcheza komanso ngati ndi woyamba kudontha kapena wotsiriza. Tikayerekeza kuti anali wa 40%, mu 300 ml muli 120 ml ya mowa weniweni, womwe ndi magalamu pafupifupi 95. Botolo la mowa wa kufakitale la 330 ml wa 5% lili ndi magalamu 13. Ndiye kuti mwanayu anamwa zofanana ndi mabotolo 7, m'mimba mopanda nsima. Pa thupi la makilogalamu 48, mowa wotere ukhoza kufika pafupi ndi 290 mg/dL m'magazi. Malire a lamulo kwa woyendetsa galimoto m'dziko muno ndi 80.

Thupi limachotsa mowa pang'onopang'ono, pakati pa 15 ndi 20 mg/dL pa ola, ndipo palibe madzi ozizira, mkaka, khofi kapena mandimu zomwe zimafulumizitsa. Pofika 5:40 m'mawa mowa uyenera kuti unali utatsika kufika pafupi ndi theka. Munthu wa mowa wotere amadzandira ndi kulankhula mokoka, koma sakhala pa 8 mwa 15. Mwana yemwe m'bandakucha ali woipirapo kuposa mmene analili usiku ali ndi vuto lina pamwamba pa kuledzera, ndipo apa panali mavuto atatu.

Loyamba ndi shuga. Chiwindi chimasunga shuga wochepa wogwiritsa ntchito munthu akakhala osadya, ndipo akatha chimapanga watsopano. Chikatanganidwa ndi kuphwanya mowa, ntchito yopanga shuga watsopanoyo imaima. Mnyamata yemwe wasenza matumba tsiku lonse atadya zochepa chonchi amakhala atamaliza kale nkhokwe ija. Ubongo sukhala ndi nkhokwe yakeyake, ndipo shuga akakhala pansi kwa maola ambiri ukhoza kuwonongeka osabwereranso. Zizindikiro za shuga wotsika, monga thukuta, kusokonezeka, kulusa, kukomoka ndi kugwa ngati wakhunyu, zimafanana kwambiri ndi kuledzera, ndiye abale ngakhale achipatala amene amapusitsika.

Lachiwiri ndi kuzizira. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pomwe kutentha kwenikweni kukuthawa m'thupi, komanso umalepheretsa kunjenjemera komwe kumatenthetsa thupi. Aliyense wa kuno akudziwa mmene usiku wa June ndi July umakhalira m'mapiri a Dedza, Bembeke kapena Tsangano. Ndowa ya madzi ija, mphasa ya pansi ndi mphepo ya pa njinga yamoto zinamufikitsa pa 34.1. Kutsika pansi pa 35 ndi ngozi kale.

Lachitatu ndi mpweya. Mowa wambiri umafooketsa kutsokomola ndi kumeza, zomwe zimateteza njira ya mpweya. Mkaka wothiridwa m'kamwa mwa munthu wosadziwa kanthu, ndi masanzi a munthu wogona chagada, zimatsikira m'mapapo. Mkonono womwe mayi ake anamva unali lilime litagwera kukhosi.

Panali zinthu zina ziwiri zomwe zinkayang'aniridwa ngakhale sizinachitike. Chifukwa cha bala la kunkhongo, maso, mphamvu za manja ndi miyendo ndi muyeso wa Glasgow zinkaonedwa mphindi 30 zilizonse poyamba, kenako ola lililonse. Akanatsika ndi mapointi 2, kapena kamwana ka diso limodzi kakanakula, kapena akanayamba kusanza mobwerezabwereza, akanatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital kukajambulidwa m'mutu. China ndi methanol, mowa wa poizoni womwe umapezeka mu zakumwa zosakanizidwa ndi sipiriti wa m'mafakitale. Umayamba ngati kuledzera wamba, koma pakatha maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposerapo, munthu amayamba kuona mwachimbuuzi, kupweteka m'mimba ndi kupuma mozama, mofulumira. Ukhoza kuchititsa khungu kapena kupha. Ambiri akukumbukira anthu omwe anamwalira ku Blantyre mu 2024 atamwa mowa wotchedwa "Ambuye n'tengeni". Mnyamatayu atatsitsimuka ankapatsidwa zolemba zing'onozing'ono za pa pasipoti ya umoyo kuti awerenge kawiri pa tsiku, ndipo anzake awiri aja anaitanidwa kudzaonedwa. Onse anali bwino.

Tsiku lachiwiri mpaka lachisanu

Pofika madzulo a tsiku loyamba anali atatsitsimukiratu, akudya phala, kutentha kwa thupi kuli 36.5. Sankakumbukira chilichonse kuyambira pa mpikisano uja.

Tsiku lachiwiri usiku thupi linatentha kufika 38.9, akutsokomola makhololo achikasu, kupuma ka 30 pa mphindi, ndipo m'munsi mwa phapo lakumanja munkamveka kuthetheka. Ichi ndi chibayo chobwera ndi masanzi aja. Chimakonda kumanja chifukwa njira ya mpweya ya mbali imeneyo ndi yotakata komanso yowongoka. Anayamba jakisoni wopha tizilombo wa ceftriaxone 2 g kamodzi pa tsiku, ndipo kutentha kutatsika tsiku lachinayi anasinthidwira ku amoxicillin wakumwa kuti akwanitse masiku 7. Ankadandaulanso kutentha pamtima, kotero sanapatsidwe brufen kapena asipirini, zomwe zimawonjezera zilonda m'chifu chopsa kale ndi kachasu.

Zizindikiro za thupi lozolowera mowa likausowa, monga kunjenjemera manja, thukuta, kusowa tulo ndi kuona zinthu zomwe palibe, zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza ndipo zimafika poipa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Iye sanakhale nazo. Izi zinagwirizana ndi zomwe ananena pambuyo pake, kuti samwa tsiku lililonse koma akamwa amamwera kugwa.

Kucheza naye payekha

Gawo ili ndi lomwe limadumphidwa kawirikawiri wodi ikadzadza, ndipo m'maganizo athu wodwala wotere akatuluka osachezedwa ndiye kuti wathandizidwa theka. Kuchezaku kunachitika tsiku lachinayi, mayi ndi amalume atapemphedwa kuti adikire panja. Anauzidwa poyamba kuti zomwe anene sizikafika kwa makolo pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi. Funso loti "Umamwa mowa?" silipindula, chifukwa yankho lake ndi "ayi" kapena "pang'ono". Lomwe linatsegula pakamwa ndi ili: "Anzako akalandira ndalama za ganyu amakonda kumwa chiyani, nanga iwe unayamba liti kukhala nawo?"

Anayamba kulawa ali ndi zaka 13, akutumidwa kukagulira akuluakulu. Chaka chino wakhala akumwa pafupifupi Loweruka lililonse, kachasu kapena timabotolo tapulasitiki tomwe achinyamata amati midoli, ndipo nthawi zina ganyu ankalipidwa ndi mowa womwewo. Pa mafunso 6 a CRAFFT, omwe anapangidwira kufufuza vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo mwa achinyamata, anayankha inde pa 4: anakwerapo njinga yamoto yoyendetsedwa ndi woledzera, amamwa kuti aiwale nkhawa, amaiwala zomwe anachita ataledzera, ndipo analowapo m'mavuto kusukulu chifukwa cha mowa. Mayankho a inde 2 okha ndi okwanira kuti munthu afufuzidwe mozama. Chamba anasutapo kawiri.

Kuiwala kumeneku si nkhani yoseka, ngakhale anzake amaisandutsa nthabwala. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo mbali yakutsogolo, yomwe imayeza ngozi ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma, ndiyo imakhwima pomaliza. Mbali yosunga zatsopano zomwe munthu waphunzira imakhudzidwa msanga ndi mowa, ndipo mowa ukakwera mofulumira imasiya kulemba, munthu akuyenda ndi kulankhula. Chovuta china n'chakuti wachinyamata sagwidwa tulo ndi mowa msanga ngati wamkulu, ndiye chenjezo lomwe limauza bambo wa zaka 40 kuti basi ndakwana limafika mochedwa kwa iye. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti oyamba kumwa asanakwane zaka 15 amakhala pa chiopsezo cha uchidakwa pafupifupi kanayi kuposa oyamba atakwana 21. Mnyamatayu anayamba ali ndi 13.

Anavomeranso kuti anagonanapo ndi mtsikana popanda kondomu ataledzera, miyezi 5 yapitayo. Anavomera kuyezedwa HIV, zomwe munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kusankha yekha, ndipo sanapezeke nako kachilombo. Tidutsepo pang'ono apa: akanakhala mtsikana wofika atakomoka chonchi, pakanafunika kuyeza mimba ndi kufunsa mosamala ngati anagwiriridwa, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV a PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi olera a pangozi nawonso ali ndi nthawi yake yochepa. Atsikana amaledzeranso msanga ndi mowa wofanana chifukwa matupi awo ali ndi madzi ochepa osungunulira mowawo.

Anafunsidwa mosabisa ngati anaganizapo zodzipha. Anati maganizowo anamufikirapo kamodzi, bambo ake atasiya kuimba foni ndipo fizi itavuta, koma sanakonzepo njira ndipo pa tsikuli sanamwe ndi cholinga chimenecho. Kufunsa funsoli sikuika maganizowo mwa munthu. Ndipo m'dera lolima kachewere, tomato ndi kabichi, momwe pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mankhwala opopera mbewu kapena tameki wa makoswe, wachinyamata woledzera ndi wokhumudwa safunika kupita patali. Iye atavomera, mayi ake anauzidwa za izi, ndipo anapemphedwa kuti mankhwala onse a kumunda akasungidwe kwa amalume, motsekera.

Zomwe banja linauzidwa

Amalume ake sanadzudzulidwe. Anachita zomwe anaona akuluakulu akuchita. Anasonyezedwa pa bedi pomwepo, mnyamatayo ali chitsanzo, kagonekedwe ka munthu woledzera: chammbali, bondo lapamwamba lopinda kuti asagubuduke, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono, pakamwa poloza pansi. Amuvule zonyowa, amufunditse, ndipo wina akhale naye n'kumamudzutsa pafupipafupi. Ngati akutha kukhala tsonga ndi kumeza yekha, apatsidwe tiyi wa shuga kapena phala. Ngati sakutha, pakamwa pasalowe kanthu, ndipo asamulowetse chala kukhosi kuti asanze. Wosadzuka akatsinidwa, wopuma kosakwana ka 8 pa mphindi kapena modukizadukiza, wozizira, wa milomo yotuwa, wogwa ngati wakhunyu kapena yemwe wamenyetsa mutu apite kuchipatala usiku womwewo.

Mayi ake anafunsa kuti: "Nanga adokotala, amene amamugulitsayo palibe chomuchita?" Lamulo la mowa limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa, koma mowa wamphamvu wotchipa unangosamukira m'timabotolo, ndipo kachasu wa pakhomo alibe chizindikiro chonena mphamvu yake. Mayiwo analangizidwa kuti nkhaniyi aitengere kwa amfumu ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi, osati kukalimbana okha ndi wogulitsayo, yemwe ndi mnansi wawo.

Ndi mnyamatayo panagwirizanidwa zinthu zochepa zomwe anasankha yekha. Ndalama za ganyu azilandira masana n'kupereka gawo kwa mayi ake asanakumane ndi anzake. Asalolenso kulipidwa ndi mowa. Loweruka madzulo azikhala ku mpira, komwe anali atasiya. Uphungu wathu unali woti asiyiretu, pakuti pa msinkhu wake palibe muyeso wa mowa womwe tingati ndi wabwino, koma anauzidwanso kuti akaterereka abwere, sakalipiridwa. Analumikizidwa ndi namwino woona za matenda a maganizo komanso gawo la chipatala lothandiza achinyamata, ndipo anapatsidwa nambala yaulere ya ana, 116. Zikanakula, a chipatala cha St John of God ku Lilongwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Atatuluka

Anatuluka tsiku lachisanu. Ulusi wa pabala unachotsedwa pa chipatala chaching'ono cha kwawo patatha masiku 7. Patatha masabata 2 anabwera ndi amalume ake. M'chifuwa munali moyera, maso ankaona bwino, ndipo anati sanamweko. Patatha masabata 6 anabwera yekha n'kunena kuti anamwa kawiri, kamodzi pa chinkhoswe cha msuweni wake pomwe masese ankagawidwa kwa aliyense, kachiwiri ndi anzake omwe aja, koma anayamba wadya nsima ndipo anafika kunyumba ndi miyendo yake. Maganizo odzipha sanabwerenso. Tsiku la miyezi 3 sanabwere. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo anakamuyendera ndipo anamupeza atayamba Fomu 4. Mayi ake anati ndalama ya kabaza ndiyo inasowa. Anapatsidwa tsiku lina logwirizana ndi kiliniki yoyendayenda ya mwezi wotsatira.